Mbalame itera pa waya osafa, nanga ng'ombe yafa bwanji?

Mayi wina wa ku Bangula wandilembera imelo. Akuti mphepo ya mkuntho itagwetsa polo ya magetsi pafupi ndi kwawo, ng'ombe inafa isanakhudze n'komwe waya, chonsecho tsiku lililonse amaona mbalame zitandanda pa mawaya omwewo zili bwinobwino. Akufunsa kuti zimatheka bwanji.

Mayi, magetsi amavulaza akapeza njira yodutsira m'thupi, kulowera kwina n'kutulukira kwina. Mu waya wa kopa kapena wa aluminiyamu amayenda mosavuta. Mbalame imaponda waya mmodzi ndi miyendo yonse iwiri, mphamvu ya magetsi ndi yofanana uku ndi uku, ndiye palibe chowakankhira m'thupi mwake. Itati igunde waya wachiwiri ndi phiko, ifera pomwepo.

Waya akagwa pansi, magetsi amamwazikira m'nthaka, makamaka yonyowa. Mphamvu imachuluka pamene waya wagunda, n'kumachepa mukamatalikira. Miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo ya ng'ombe ndi yotalikirana, choncho imaponda malo a mphamvu zosiyana. Magetsi amakwera mwendo wina, kudutsa pamtima, n'kutsikira mwendo wina. Munthu wothamanga motambasula miyendo zimamuchitikiranso chimodzimodzi.

Kuno ku Chigwa cha Shire nkhaniyi imandidetsa nkhawa kwambiri. Khungu louma limatchingako magetsi pang'ono, koma ife dzuwa la ku Nchalo ndi Ngabu limatisiya tili thukuta kamukamu, ndipo thukuta ndi lamchere. Madzi a m'mijigo yathu yambiri ndi amcherenso, ndipo madzi otere amadutsitsa magetsi kuposa madzi wamba. Mphamvu ya magetsi imayezedwa m'ma volts, ndipo ma volts 230 a m'nyumba ndi okwanira kuimitsa mtima wa munthu amene wagwira soketi ndi manja onyowa, osavala nsapato. Mawaya aakulu a ESCOM amanyamula 11,000 kapena 33,000.

Mukaona waya wagwa, mutengeni kuti ndi wamoyo ngakhale magetsi atazima, chifukwa angathe kuyaka nthawi iliyonse. Khalani patali mamita 10 kapena kuposa, letsani ana ndi abusa a ng'ombe, muimbire a ESCOM. Mukapezeka muli pafupi kale, phatikizani mapazi n'kumawakhwekhwereza pang'onopang'ono osawanyamula.

Madzi akayamba kulowa m'nyumba, ngati mmene zinalili ndi namondwe wa Freddy mu 2023, zimitsani switchi yaikulu asanafike pomwe mwaima. Wina akagwidwa ndi nyesi, chonde musamukoke ndi manja. Ngati ndi magetsi a m'nyumba, zimitsani kaye kapena mukankheni ndi thabwa louma. Ngati ndi waya wamkulu wa panja, thabwalo silingakutetezeni, musayandikire.