Achemwali, "conventional wisdom" si nzeru za makolo

Mwafunsa zambiri, koma ine ndingoyankha la mawu akuti "conventional wisdom", loti mungawaike mu nkhani yanu ya mayeso a Chingerezi a IELTS pofuna kunena nzeru za makolo. Musayerekeze. Ine ndinapsa nawo kale.

Chaka changa choyamba ku koleji tinauzidwa kulemba za kadyetsedwe ka ana. Ndinkafuna kuyamikira agogo anga, amene anatilera ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndiye ndinalemba kuti "according to the conventional wisdom of our grandmothers". Ndinadzimva kuti Chingerezi ndachithyola. Pepala litabwera, aphunzitsi anali atalemba m'mbali ndi cholembera chofiira kundifunsa kuti nanga agogowo analakwitsa pati. Iwo anawerenga mpaka kumapeto akudikira kuti nditsutse agogo, ine osatsutsa. Malikisi anapita, manyazi n'kutsala.

Chinsinsi chake n'chakuti mawuwa amanena maganizo amene anthu ambiri, ngakhale akatswiri, amangowavomereza chifukwa anawazolowera. Anawatchukitsa ndi katswiri wa zachuma wobadwira ku Canada, John Kenneth Galbraith, m'buku lake la The Affluent Society mu 1958. Mawuwo analipo kale, koma iye anawagwiritsa ntchito monyogodola, ponena mfundo zimene anthu amakakamira chifukwa n'zokoma kumva, zinthu zitasintha kalekale. Kafungo kameneko sikanachoke. Sikuti nthawi zonse amatanthauza bodza, koma wowerenga akangowaona amatchera khutu kuti "but" abwera liti.

Ngati kunyumba kwanu kuli okonda mpira afunseni za Leicester City. Ligi ya ku England ikuyamba mu 2015, aliyense ankati timuyi ingolimbana ndi kutuluka, moti wobetcha paundi imodzi kuti itenga chikho ankalonjezedwa mapaundi 5,000. Mu 2016 inatengadi. Apo ndiye pake penipeni: "Conventional wisdom had it that Leicester would struggle, but..." Mutha kulembanso "contrary to conventional wisdom". Musaike "a" kutsogolo kwake, musaphatikenso "s" kumapeto. Mukaona "received wisdom" musadabwe, ndi mphwake, amakondedwa ku Britain.

Pofuna kulemekeza makolo lembani "traditional wisdom" kapena "the wisdom of our elders". Ikakhala nkhani ya ulimi kapena mankhwala azitsamba, amati "indigenous knowledge".

Achimwene amene ayankha kuti n'chimodzimodzi ndi "common sense", pepani, mwawasocheretsa achemwaliwa. Uko ndi kuganiza bwino kwa tsiku ndi tsiku, monga kusasiya mwana pafupi ndi mbaula. "Common knowledge" nayonso ndi ina: chinthu choona chimene aliyense akudziwa, chosafuna umboni, monga kuti likulu la Malawi ndi Lilongwe. Zinthu zitatu zosiyana izi, ngakhale zikumveka ngati za bere limodzi.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili. Pali anthu akugulitsa timapepala ta mawu oloweza, amati mukawamwaza mu nkhani yanu mukhoza basi. Ochonga mayeso amawazindikira msanga, ndipo liwu lalikulu likakhala pamalo olakwika limakupwetekani kuposa liwu wamba loikidwa bwino. Pa IELTS, gawo lachiwiri la zolemba limafuna mawu osachepera 250 m'mphindi pafupifupi 40, nthawi yoyeserera mawu achilendo palibe. Mayeso ake ndi odula, ku Britain amapitirira mapaundi 200, m'makwacha dziwerengereni nokha ndi mmene ndalama yathu ikuyenderamu. Poti mwati mukufuna ntchito ya unamwino, bungwe la NMC, loyang'anira anamwino ku Britain, limafuna malikisi 7 pa kumvetsera, kuwerenga ndi kulankhula, ndi 6.5 pa zolemba, choncho kuperewera ndi 0.5 yokha kukhoza kukubwezani kukalipiranso.

Musanagule chilichonse, tsegulani dikishonale ya Oxford Learner's kapena ya Cambridge pa intaneti, n'zaulere. Tanthauzo lokha lisakukwanireni, werengani ziganizo za zitsanzo zili m'munsimo, kenako lembani zanu ziwiri mutumize muno tikuonereni.