Mafunso a Owerenga: Chithunzi Changa Chikuyenda Kapena Chaima?

FUNSO: Ndikukonza tsamba la pa intaneti la kalabu yathu ya alimi a soya ndi mtedza kuno kwa Kamwendo. Ndaikapo chithunzi choyenda cha Lottie (njira yoonetsera zithunzi zoyenda pa intaneti) chosonyeza mmene timabzalira soya mizere iwiri pamzere umodzi, ndipo pansi pake pali batani loyambitsira ndi kuimitsira. Vuto ndi lakuti netiweki ikamavuta, batanilo limalemba kuti "Imitsani" chithunzi chisanaoneke n'komwe, ndipo chikafika kumapeto mawuwo sasintha. Ndingadziwe bwanji mu khodi kuti chithunzi chikuyenda kapena chaima?
Mnyamata wa kwa Kamwendo, Mchinji

YANKHO: Zikomo achimwene chifukwa cha funso lanu, komanso chifukwa cha ntchito yabwino imene mukuwagwirira alimi anzanu. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikuganiza kuti mwasunga variable yanuyanu (posungira chidziwitso mu khodi) imene mumaisintha munthu akadina batani, ndipo ndi imeneyo imene ikukusokeretsani, chifukwa imangodziwa zimene chala chachita, koma sidziwa zimene zikuchitikira chithunzicho. Funsani chithunzi chenichenicho.

Mukaitana lottie.loadAnimation, mumalandira chinthu chimene chili ndi isLoaded (yosonyeza ngati chithunzi chafika) ndi isPaused (yosonyeza ngati chaima). Fayilo ya JSON imene imasunga chithunzicho imatenga nthawi kuti ifike pa foni, ndipo pa netiweki yofooka nthawiyo imatalika, choncho mukalemba "Imitsani" tsamba likangotseguka, mumakhala mukunena za chinthu chimene sichinafike. Dikirani event (chizindikiro chimene khodi imalandira chinthu chikachitika) yotchedwa DOMLoaded, yosonyeza kuti chithunzi chaikidwa patsamba, ndipo ikachitika ndi pamene muwerenge isPaused n'kulemba mawu oyenera pa batani. Nthawi yodikirayo batani likhale lozimitsa, kapena lilembe kuti "Dikirani pang'ono", kuti mlimi asamadine kambirimbiri poganiza kuti foni yake yawonongeka.

Za kumapeto n'zosavuta. Ngati loop mwaiika pa false, kutanthauza kuti chisamabwerezebwereze, chithunzi chikatha chimaima chokha ndipo chimatulutsa event ya complete; imvetsereni, n'kusintha mawu kukhala "Yambitsaninso".

Pali chinthu china chimene ndikufuna muchisamale, chifukwa chimasokoneza ngakhale anthu amene akhala nthawi yaitali pa ntchitoyi. isPaused ikakhala true sikuuzani ngati chithunzi chaimitsidwa pakati ndi pause kapena chabwezedwa poyambira ndi stop, ndipo kuti musiyanitse ziwirizi muyenera kuyang'ananso currentFrame, nambala yosonyeza pamene chithunzi chafika, imene imabwerera pa 0 mukagwiritsa ntchito stop. Komanso isPaused ikhoza kukhala false pamene chithunzi sichikusuntha, mwachitsanzo munthu akachoka patsamba lanu n'kutsegula tsamba lina, pakuti browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) imasiya kujambula tsamba limene labisika. Mukafuna umboni wakuti chikusunthadi, sungani currentFrame, dikirani kanthawi kochepa, muiwerengenso, ndipo ngati nambala yasintha ndiye kuti chikuyenda. Njira imeneyi ndi yakale: amene ankalemba ActionScript 3, chinenero cha khodi cha Flash (pulogalamu yakale ya zithunzi zoyenda), ankachita chimodzimodzi poyerekeza currentFrame pa event ya ENTER_FRAME iliyonse, mpaka Flash Player 11 inabwera mu 2011 ndi isPlaying. Flash yomweyo kampani ya Adobe inasiya kuithandiza pa 31 Disembala 2020, choncho mukapeza malangizo akale onena za MovieClip, dzina la chithunzi choyenda mu Flash, musatayepo nthawi.

Mukadzakonza chithunzi china ndi CSS kapena element.animate, funsani playState, imene imayankha idle, running, paused kapena finished, ndipo getAnimations idzakupatsani zithunzi zoyenda zonse za element (chigawo cha tsamba) imene mwaifunsa. Pa vidiyo onani paused ndi ended, koma dziwani kuti vidiyo ikamadikira data paused imakhalabe false, ndiye mumvetserenso event ya waiting, imene kwa alimi ogwiritsa ntchito bandulo yaing'ono idzachitika kawirikawiri. Koma musasinthe chithunzi chanu kukhala GIF pofuna kupeputsa ntchito, chifukwa GIF yoikidwa mu img ilibe njira yoifunsira ngati ikuyenda, ndiponso simungaiimitse ndi batani lanulo.