Za dzina la Montessori lija mwafunsa, mlamu

Eee mlamu, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona, loti dzina la Montessori lili pachikwangwani cha sukulu ya mkaka ija ndi la chiyani, ndiponso ngati mungamulembetse mwana kumeneko. Kulemba kundichedwetsa, ndingolankhula.

Limeneli ndi dzina la munthu, mayi wa ku Italy, Maria Montessori, wobadwa mu 1870. Sanayambire pa uphunzitsi ayi, anali dokotala. Anamaliza maphunziro ake ku Rome mu 1896, nthawi imene madokotala aakazi anali ongowerengeka. Mu Januwale 1907 anatsegula Casa dei Bambini, kutanthauza nyumba ya ana, ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mumzinda womwewo. Makolo akalawirira kuntchito, tiana tinkatsala tokha opanda wotiyang'anira. Ine zimandikhudza pamenepa mlamu, chifukwa anayambira pa ana a amphawi, koma lero dzina lake timalipeza kwambiri kumene fizi yake ndi yoboola m'thumba.

Mayiyu ankayamba waonetsetsa kaye zimene mwana akuchita. Anaika timipando ndi timatebulo ta msinkhu wa ana, zipangizo nazo pamalo poti mwana afikire yekha. Ana ankasesa, kusamba m'manja, kumanga mabatani, kudzivalira okha. Zilembo ankazidula pa sandipepa kuti mwana azilondola ndi chala, dzanja lizolowere asanagwire pensulo. M'kalasi yotere a zaka 3 mpaka 6 amakhala pamodzi, wamng'ono n'kumaonera kwa wamkulu, monga mmene ife tinaphunzirira kupeta poonera achemwali. Mphunzitsi amangoonetsa, kenako n'kumusiya mwana abwereze mpaka akhutire.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Mayi Montessori anali ku India, akuphunzitsa aphunzitsi. Anamwalirira ku Netherlands mu 1952.

Tsono dzinali aliyense akhoza kulilemba pachikwangwani. Musanalipire, pemphani mukakhale m'kalasimo m'mawa umodzi. Mukaone ngati manja a ana ali pa ntchito, kapena angokhala mwakachetechete n'kumabwereza zimene madamu akunena kutsogolo. Mufunsenso kumene aphunzitsiwo anaphunzira njira imeneyi. Mukatero mundiimbire madzulo, tikambirane.