Akuti ndi chinsinsi cha kampani, nanga ndikavulala nazo?

FUNSO

Zikomo akonzi. Ine ndimagwira ntchito mu stolo ya fakitale ina, ntchito yanga ndi kulandira madiramu a makemikolo nkumawasunga. Pali diramu ina yomwe ikangotsegulidwa maso amayabwa, pakhosi pamakanda mpaka madzulo. Ndinapempha chipepala chija chimabwera ndi katundu, cha safety data sheet, nde pamalo pomwe amayenera kulemba zomwe zili mkatimo angolembapo kuti trade secret basi. Nditafunsa abwana anati chimenecho ndi chinsinsi cha opanga, olo boma silidziwa. Zoona zimenezi? Kampani ikhoza kubisira boma mankhwala oopsa? Nanga tsiku lina akadzandigwera mmaso adokotala adzayambira pati?

Bambo wodandaula

YANKHO

Pepani kwambiri bambo, ndipo nkhaniyi isathere pa mawu a abwana anuwo. Chinsinsi cha malonda chilipodi, malamulo a maiko ambiri amachilola, koma zoti olo boma silingadziwe ndiye ndikukana. Opanga amabisira anzawo omwe akulimbirana nawo msika kuti asawabere kasakanizidwe kawo. Boma likafuna dzinalo liyenera kupatsidwa, dokotala amene akuthandiza munthu wovulala nayenso chimodzimodzi.

Malamulo amenewa anabwera anthu atafa kaye. Usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Disembala 1984 ku Bhopal, ku India, mpweya wa methyl isocyanate pafupifupi matani 40 unatuluka pa fakitale ya Union Carbide anthu ali mtulo. Oposa 500,000 anaupuma, masauzande anafa, ndipo madokotala mzipatala amalandira anthu otsamwa, osaona, iwo osadziwa bwinobwino kuti akulimbana ndi poizoni wanji. Mu Ogasiti 1985 fakitale ina ya kampani yomweyo ku Institute, West Virginia, ku America, inatulutsanso mpweya woipa anthu oposa 100 nkuthamangira kuchipatala. Nde mu 1986 dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa EPCRA, lokakamiza mafakitale kuuza boma, ozimitsa moto ndi anthu okhala pafupi za makemikolo oopsa omwe akusunga komanso omwe akutulutsa.

Ndikufotokozereni la ku America lomweli chifukwa linalemba nkhani ya chinsinsiyi mwatsatanetsatane, mu gawo 322. Chomwe kampani imaloledwa kubisa ndi dzina lenileni la kemikoloyo basi, ndipo mmalo mwake iyenera kulemba gulu lomwe kemikoloyo ilimo, kuopsa kwake ndiye sikubisidwa. Komanso sikungodinda mawu oti chinsinsi nkukhala pansi ayi, amatumiza mafomu awiri, ina yobisa dzina yomwe aliyense angaione, ina yokhala ndi dzina lonse yomwe imapita ku EPA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo nthawi yomweyo ayenera kupereka zifukwa. Aonetse kuti dzinalo sanaliululepo kwa anthu wamba ndipo akhala akulisunga, kuti palibe lamulo lina lowakakamiza kuliulula, kuti likadziwika bizinesi yawo ivulaladi kwambiri, komanso kuti munthu wa ku labu sangalitulukire mosavuta pongoyeza katunduyo. Chomaliza chimenechi ine ndimachikonda, chifukwa chinthu choti aliyense wokhala ndi makina oyezera akhoza kuchipeza mawa lomwe sichinsinsi, kuchibisa nkungozunza wantchito amene alibe makinawo. Munthu aliyense akhoza kulembera EPA kuti aunikenso chinsinsicho, ndipo kampani yopezeka kuti inangonena za chinsinsi popanda maziko, lamulo la 1986 linaika chindapusa cha madola 25,000 pa nkhani iliyonse. Kemikolo ikatayika mwangozi ndiye palibenso za chinsinsi, lipoti la ngozi limafuna dzina lenileni.

Tsopano funso lanu la adokotala, lomwe kwa ine ndiye lalikulu. Lamulo la OSHA, oona za chitetezo pa ntchito ku America konko, limati dokotala kapena namwino akaona kuti munthu ali pangozi ndipo akufuna dzina la kemikolo kuti amuthandize, wopanga kapena wolemba ntchito apereke dzinalo nthawi yomweyo. Zosainirana kuti asunga chinsinsi zimabwera pambuyo wodwala atathandizidwa. Ngati sizadzidzidzi, monga mmene zililimu kwa inu kuti pakhosi pakukanda tsiku ndi tsiku, wazaumoyo kapena wantchito mwini wake kapena womuimira amalemba kalata yofotokoza chifukwa chomwe akufunira dzinalo nkulonjeza kulisunga, ndipo kampani ikakana iyenera kukana polemba pasanathe masiku 30, ndi zifukwa zake, kalata yokanayo mukhoza kupita nayo ku OSHA. Ku European Union anachita mwina, opanga zosakaniza zoopsa amatumiziratu kasakanizidwe konse ku malo othandiza anthu omwe akhudzidwa ndi poizoni, pa botolo nkungolemba nambala ya zilembo ndi manambala 16 yotchedwa UFI. Dokotala akaimba foni nkutchula nambalayo a kumeneko amaona zonse pa kompyuta, wopikisana naye pa msika olo aiwerenge sapindula nayo kanthu. Kumenekonso kubisa dzina pa chipepala chija umachita kupempha ku ECHA, bungwe lawo loona za makemikolo lomwe lili ku Helsinki, nkulipira, ndipo za makemikolo oyambitsa khansa salola.

Opanga nawonso ndimawamvetsa. Munthu watha zaka akuyesa guluu kapena penti mpaka wapeza wabwino, wina nkungowerenga pa fomu ya boma nkuyamba kupanga wake, zimenezo nzowawa ndipo ndi kuba. Koma chomwe chimandipweteka nchakuti mawu awiri aja oti trade secret ndi osavuta kulemba pomwe kuwatsutsa kumafuna nthawi, makalata ndi kulimba mtima, ndipo amene akupuma mpweyawo ndi amene alibe zonsezo. Popanda dzina kapena nambala yake ya CAS, yomwe ndi nambala yapadera yozindikirira kemikolo iliyonse, simungafufuze nokha pa intaneti, simungadziwe ngati ofufuza anapeza kale kuti kemikoloyo imaononga chiwindi pakapita zaka, mukungodalira kuti amene analemba pepalalo ananena zoona zonse. Ku America komweko zinsinsi zinkakhala mpaka kalekale popanda woziunikanso, mpaka mu 2016 pomwe anasintha lamulo la TSCA la 1976, loyang'anira makemikolo, kuti zambiri zizitha pakadutsa zaka 10 pokhapokha kampani ipemphenso ndi umboni.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma mfundo yake ndi imodzi, ili mu pangano nambala 170 la 1990 la ILO, bungwe la maiko onse loona za anthu apantchito, komanso mu GHS, dongosolo la United Nations lolembera malebo a makemikolo, kuti chinsinsi chisungidwe koma chisaike moyo wa wantchito pachiswe. Chipepala mwaonacho chimatsata GHS yomweyo, chili ndi magawo 16, ndipo pomwe mwapeza trade secret ndi gawo 3. Magawo enawo sayenera kukhala opanda kanthu. Gawo 2 likuuzani kuopsa kwake, 4 chithandizo choyamba munthu akavulala, 8 zodzitetezera monga magolovesi amtundu wanji, magalasi a mmaso, chophimba kumphuno komanso mpweya woyenera kudutsa mchipindamo, 11 zomwe imachita mthupi. Ngati amenewanso ali mbee ndiye vuto si chinsinsi, pepalalo nlosakwanira ndipo opanga alikonze.

Nde bambo, jambulani ndi foni lebo ya diramuyo ndi pepala lonse, makamaka gawo 1 pomwe pali dzina la opanga ndi nambala yoimba pangozi, anzanu a mu stolomo akhale nazonso. Musadikire tsiku lomwe adzakugwereni mmaso, pitani kuchipatala pano ndi zithunzizo mukafotokoze za maso ndi pakhosipo, muwapemphe adokotala alembe mu buku lanu kuti zimayamba diramu ikatsegulidwa, ndipo ngati akufuna dzina alembere opangawo. Abwana anu alembereni kalata yaulemu yopempha zodzitetezera zomwe zalembedwa mu gawo 8, ina musunge nokha, ndipo ngati pali yuniyoni kapena komiti ya chitetezo dzerani kumeneko kuti musaoneke ngati ndinu nokha ovuta. Akapanda kuyankha tengani kalatayo ndi zithunzi zija ku ofesi ya boma yoona za anthu apantchito. Pakadali pano diramu imeneyo isatsegulidwe mchipinda chotseka mawindo, ndipo madzi oyera otsukira mmaso akhale pafupi pomwepo.