Za geocaching pa njinga yamoto kuno ku Mangochi

Achimwene mwafunsa ngati geocaching ingayende limodzi ndi maulendo a pa njinga yamoto kuno kwathu, ndiye ndaona ena akuti chimenecho ndi chaninso. Ndi masewera obisa ndi kusaka basi. Wina amabisa kachigubu muli kapepala kolembapo mayina, manambala a GPS a malowo n'kuwaika pa geocaching.com, inu mumalondola ndi foni, mukakapeza mumasaina n'kukabwezera pompo. Zinayambira ku Oregon ku America mu May 2000, boma lakumeneko litangosiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba, Dave Ulmer anabisa ndowa patchire kuti aone ngati ena angaipeze.

Kutheka zimatheka, koma musathire mafuta poganiza kuti mukatola tizigubu ngati mango a mu Disembala, kuno n'tochepa, tsegulani mapu muone nokha. Ndiye ulendowo uzikoma pawokha, kusakako kukhale ndiwo chabe. Ine ndingakuuzeni msewu wa M10, kunyamuka pa Boma m'mamawa, kudutsa Nkopola ndi Makawa, musanalowe Monkey Bay mukhotere ku Cape Maclear, msewu wake ndi wamakona m'mapiri muja ndipo anyani amangodumpha opanda kukuonani, musathamange. Wofuna zitunda awoloke mlatho wa Bakili Muluzi akwere cha ku Chowe mpaka Namwera, ukatembenuka pamwamba paja nyanja ya Malombe imaoneka bwino zedi. Wa ku Makanjira nthawi ya mvula usiyeni kaye.

Musananyamuke onani pa geocaching.com tsiku lomwe munthu womaliza anapeza kachigubuko, ngati papita zaka kapena anthu angapo motsatizana alemba kuti sanakapeze ndiye kuti ana anatenga kalekale. Onaninso manambala awiri aja a 1 mpaka 5, ina ndi kuvuta kwa kabisidwe, ina ndi kuvuta kwa malo. Ya malo ikapitirira 3 dziwani kuti njinga muisiya pansi n'kukwera miyala mutanyamula helemeti ndi dzuwa la Okutobala lija, komanso mudzifunse kuti njingayo akuyang'anirani ndani. Manambala a GPS lembani pa pepala, mapu mudawunilodiretu muli kunyumba, GPS imagwira ngakhale netiweki kulibe. Foni musaisiye pa handulo dzuwa lonse imatentha n'kuzima, ikhale m'thumba, muziima kaye n'kuona. Ikati mwafika musaikhulupirire kwambiri, imaphonya ndi mamita angapo makamaka pafupi ndi matanthwe, ndiye maso agwire ntchito. M'phanga la mlambe kapena pansi pa mwala yambani ndi kamtengo osati dzanja, njoka ndi zinkhanira zimakonda momwemo.

Koma nkhani yaikulu kwa ine ndi anthu. Azungu anzathu amati uzisaka mobisa anthu asakuone, kuno zimenezo ayi. Mlendo waimika njinga m'mudzi, wavala helemeti, akuzungulira mtengo maso ali pa foni kenako akutulutsa kabotolo m'phanga, mukuganiza anthu ati chani? Ati zithumwa, ndipo mukukumbuka za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe momwe anthu osalakwa anavutikira. Vulani helemeti, perekani moni, ngati Chiyao mumachidziwa pang'ono chimathandiza, fotokozani, ana aja asake nanu, amapeza msanga kuposa foni.

Ndiye poti n'tochepa, bwanji ifeyo tibise tathu. Malamulo ake savuta, osakumba pansi, mupemphe kwa mwini malo, pakhale mamita osachepera 161 kuchokera pa kachigubu kena, musaikemo chakudya anyani angaswe. Kumanda, pa mzikiti, pa tchalitchi ndi pansi pa mlatho ayi ndithu. Mkati mwa Lake Malawi National Park mpaka akuluakulu a paki avomere, si malo ongobisapo zinthu, ali pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse kuyambira 1984. Njira yomwe ndimaiona yabwino ndi kugwirizana ndi wa okala kapena wa loji m'mbali mwa msewu, amfumu adziwe, kachigubu kakhale pafupi naye azikayang'anira, osaka akabwera amugulako madzi ndi mandasi. Koyamba tingayese cha ku nsanja ya wotchi ya Queen Victoria pa Boma paja tikapempha kukhonsolo, amene muli ndi njinga Loweruka lembani m'munsimu tipangane nthawi.