Zimene zinandichitikira ku Florence nditaperekeza mwana wa bwana

Achimwene, ndawerenga uthenga wanu kawiri ndipo mtima wandiwawa ngati kuti zinachitika dzulo, chifukwa mawu amene makolo a wophunzira wanuyo akuuzani, akuti mumuperekeze ku France ndi ku Italy monga ankayendera ana a mabwana akale pa Grand Tour, ndi mawu omwewo amene ine ndinauzidwa patebulo la banja lina kuno ku England zaka zingapo zapitazo. Inenso ndinkaphunzitsa mwana wawo mbiri yakale kunyumba kwawo, kawiri pa sabata, ndipo atakhoza mayeso ake omaliza bambo ake anandiitanira chakudya chamadzulo, nanena kuti akufuna kuti mnyamatayo aone Paris, Turin, Florence, Rome ndi Naples asanalowe kuyunivesite, ndipo kuti ine ndidzakhala Adam Smith wawo, kutanthauza katswiri wa zachuma wa ku Scotland amene kale anaperekeza mwana wa bwana paulendo wotere.

Ndinavomera nthawi yomweyo chifukwa nkhaniyi ndinkaidziwa ndiponso ndinkaikonda. Kwa zaka zoposa 100, mpaka pamene chipwirikiti cha ku France cha 1789 ndi nkhondo za Napoleon zinatseka njira, ulendo umenewu unali ngati chinamwali cha ana aamuna a mabanja olemera a ku Britain. Mnyamata ankawoloka nyanja kuchoka ku Dover kupita ku Calais, n'kukhala ku Paris kuphunzira Chifalansa, kuvina ndi kugwira lupanga, kenaka n'kuwoloka mapiri a Alps kukaona mabwinja a Aroma ndi zojambula za ku Italy, ndipo ena ankatha zaka ziwiri kapena zitatu asanabwerere. Thomas Coke wa ku Holkham ananyamuka mu 1712 ali ndi zaka 15, nabwerera mu 1718. Dzina lenilenilo la Grand Tour limapezeka m'buku la wansembe wachikatolika Richard Lassels lomwe linatuluka mu 1670, ndipo Lassels mwiniwakeyo ankagwira ntchito imene mwapatsidwa inuyi, yokhala phungu wa mwana wa mwini paulendo. Angerezi ankamutcha phungu wotere bear-leader, kutanthauza munthu woyenda ndi chimbalangondo pachingwe, ndipo dzinalo ndinalimvetsa bwino nditafika ku Italy.

Chimene bambo uja sanatchule, ndipo ine chifukwa cha manyazi sindinakumbutse, ndi chakuti Adam Smith sanasiye mpando wake wauphunzitsi ku Glasgow mu 1764 pongomva mawu okoma. Anapatsidwa mapaundi 300 pachaka kuti ayende ndi Duke of Buccleuch, ndiponso penshoni ya mapaundi 300 pachaka kwa moyo wake wonse. Ine ndinapatsidwa theka la malipiro, theka lina akuti tikabwerera, ndipo panalibe pepala lililonse limene tinasainirana. Choipa koposa, khadi la kubanki la ulendo wonse analipereka kwa mnyamatayo, ati kuti aphunzire kusamala ndalama, ndipo matikiti onse a sitima anali m'foni yake. Aphungu akale kawirikawiri ndiwo ankasunga makalata otapira ndalama kwa amabanki a m'mizinda ya m'njira, ndiwo ankalemba zimene zagwiritsidwa ntchito n'kutumiza kwa bambo, ndipo mphamvu yawo pa mwanayo inali pamenepo. Ine ndinanyamuka ndilibe mphamvu ina iliyonse koma pakamwa pokha, ndikuperekeza munthu wa zaka 18, amene pamalamulo ndi wamkulu woti palibe angamuletse kupita kumene wafuna.

Ku Paris zinayenda bwino. M'sitima yopita ku Turin, pamene tinkalowa mumphanga ya Fréjus yomwe inatsegulidwa mu 1871, ndinamufotokozera mmene akale ankawolokera pamwamba pa mapiri omwewo, panjira ya Mont Cenis, kuti ngolo ankaimasula zidutswazidutswa n'kusenzetsa nyulu, ndipo mabwanawo ankanyamulidwa pamachila ndi anthu a m'midzi ya m'mapiri. Ndinamuuzanso za mlembi wa ku England Horace Walpole, amene kagalu kake kotchedwa Tory kanagwidwa ndi mmbulu masanasana panjira imeneyo mu 1739. Ndinazindikira nditamaliza kuti m'makutu mwake munali timawailesi take tija, ndipo sanamve ngakhale liwu limodzi.

Ku Florence anakumana ndi anzake atatu a kusukulu. Usiku wachitatu anabwera kuhotela cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ataledzera, pamene tinali ndi matikiti olowera ku Uffizi, nyumba yotchuka yosungira zojambula, m'mawa womwewo, matikiti amene ndinagula mwezi wathunthu tisananyamuke. Sanadzuke. Masana ndinamulankhula mwaulemu koma mosabisa, ndipo ndinamuuza kuti zikachitikanso ndilembera bambo ake. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nandifunsa kuti kodi chakudya chimene ndadya kuyambira ku London walipira ndani.

M'mawa wa tsiku lotsatira ndinagogoda pachitseko chake katatu. Anatsekula ndi mayi woyeretsa, atanyamula nsalu za pabedi m'manja, ndipo kumbuyo kwake ndinaona kabati ili yasa, mulibe ngakhale malaya amodzi. Ndinatsika masitepe ndikuthamanga. Mayi wa pakauntala anayang'ana pakompyuta nandiuza kuti mnyamatayo anatuluka usiku, analipira chipinda chake chokha, anafafaniza masiku athu otsala, ndipo chipinda changa chili ndi ngongole ya masiku anayi yoposa mayuro 500, yofunika kulipira isanakwane 11 koloko. M'thumba ndinali ndi mayuro 60. Khadi langa ndinalilowetsa m'kamakina kaja kawiri, ndipo kawiri konse kanakana, kakulira mokweza moti anthu amene anafola kumbuyo kwanga ndi masutikesi awo anasiya kucheza. Ndikukumbukira kuti thukuta linatsika kumsana mpaka palamba, ndikukumbukira mbale ya maswiti imene inali pakauntalapo chifukwa ndi pamene ndinaika maso posowa poyang'ana, ndipo ndikukumbukira mmene mayi uja anatembenuzira pasipoti yanga ya Malawi uku ndi uku, nafika patsamba la viza, naitana mkulu wake. Sindiwaimba mlandu anthu a pahotelapo, chifukwa ankagwira ntchito yawo, ndipo mkuluyo anandilola kukhala pampando wa pakona kuti ndiimbe foni. Koma munthu wakuda wa zaka zopitirira 40 atakhala pakona ndi sutikesi pakati pa miyendo, ngongole ili pakauntala, ndikudziwa chimene odutsa onse ankaganiza.

Foni ya mnyamatayo inali yozima. Ndinaimbira bambo ake. Sanafunse ngati ndili bwino kapena ngati ndadya. Anati ntchito yanga inali imodzi yokha ndipo ndailephera, ndipo kuti satumiza ndalama ina iliyonse mpaka nditamupeza mwana wake. Ndinawafunsa kuti, bwana, ndimupeze ndi chiyani pamene tikiti ndi khadi zili kwa iye, ndipo anadula foni. Patatha ola limodzi ndinaona pa Instagram zithunzi za mwanayo ali m'bwato ku Venice ndi anzake aja, botolo lili m'manja. Amene anandiombola ndi mlongo wathu wina, namwino, amene sindimutchula dzina, amene ananditumizira ndalama yake ya lendi osafunsa kuti ndidzabweza liti. Ndinalipira, ndinakoka sutikesi mpaka pasiteshoni ya Santa Maria Novella, ndipo ndinakhala pabenchi maola atatu ndikuwerenga masiku otsala paviza yanga, yomwe inaperekedwa potengera kalata ya bambo yemwe uja.

Nditakhala pabenchipo ndinakumbukira wolemba ndakatulo Thomas Gray. Iye anali mwana wa banja wamba, mnzake wa Walpole kuyambira kusukulu ya Eton, ndipo anayenda ulendo uja wa 1739 pa ndalama za Walpole, amene bambo ake Robert Walpole anali nduna yaikulu ya dziko. Gray ankafuna matchalitchi, mabuku ndi zojambula, pamene Walpole ankafuna maphwando. Mu 1741 anakangana ku Reggio, mzinda womwe suli kutali kwambiri ndi pamene ndinakhala ine, nasiyana, ndipo Gray anabwerera kwawo payekha. Anayanjananso mu 1745, ndipo Gray atamwalira Walpole anavomera m'kalata kuti wolakwa anali iye, kuti anali wamng'ono ndi wodzikuza chifukwa cha udindo wa bambo ake, ndipo sanaganizire mmene mnzake wopanda chuma ankamvera. Ine mpaka lero palibe amene wandipepesa, ndipo theka lija la malipiro sindinalione. Nditalemba kalata yokumbutsa, mayi a mnyamatayo anayankha kuti ndiyenera kuthokoza kuti ndinaona Paris mwaulere.

Mkwiyo wanga waukulu uli pa bamboyo kusiyana ndi pa mwanayo. Iye sankafuna kuti mwana wake aphunzire kanthu, ankafuna kudzauza anzake kuti mwana wake wapita ku Grand Tour ndi mphunzitsi wakewake. Ndipo kunena zoona, ambiri mwa akale aja analinso chimodzimodzi. Ankafika ku Rome n'kukakhala pamaso pa Pompeo Batoni kuti awajambule ataimirira pafupi ndi fano lakale, ankagula zojambula za Canaletto ku Venice, n'kutumiza mabokosi kwawo kuti akapachike m'nyumba alendo aziona. Adam Smith yemweyo, amene dzina lake anandinyengerera nalo, analemba mu 1776 kuti mnyamata wotumizidwa kunja pamsinkhu umenewu kawirikawiri amabwerera ali wodzitukumula kwambiri, wotayirira kwambiri ndi wosatha kukhazikika pa maphunziro kapena pa ntchito kusiyana ndi mmene akanakhalira akanatsala kwawo. Analemba zimenezi munthu amene analipidwa bwino ndiponso amene wophunzira wake ankamulemekeza, ndipo ngakhale ulendo wakewo unathera m'maliro, chifukwa mng'ono wake wa Duke uja anadwala namwalira ku Paris mu 1766 ali m'manja mwa Smith. Udindo wa mwana wa mwini kudziko lachilendo ndi wolemera chotero, ndipo makolo amautula pamutu panu ngati akukuchitirani chifundo.

Choncho yankho langa ndi lakuti muwakanire. Koma ngati mtima wanu wapita kale, musakwere sitima popanda kalata ya mgwirizano yosainidwa ndi makolo onse awiri, yonena malipiro, yonena kuti mwanayo akachoka mwa kufuna kwake mlandu si wanu, ndiponso yonena amene adzalipire ulendo wanu wobwerera. Malipiro onse alowe mu akaunti yanu musananyamuke, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno. Matikiti anu ndi zipinda zanu zikhale m'dzina lanu ndipo zikhale zolipiriratu, ndipo mukhale ndi ndalama yanuyanu yokwanira masiku atatu ndi tikiti ya ndege, imene banjalo lisaidziwe.

Komanso musalimbe kwambiri pa nkhani ya ndalama pamaso pawo, chifukwa anthu amenewa akaona kuti simukuwakhulupirira adzangopeza mphunzitsi wina, ndipo mwayi wotere subwera kawiri kwa munthu wonyamula pasipoti yathu. Musamuopseze mwanayo ndi dzina la bambo ake monga ndinachitira ine, popeza ndikaganiza bwino mawu amenewo ndiwo anamuthawitsa. Akagona mpaka masana, musiyeni agone, inu pitani ku Uffizi nokha, koma usiku muzidziwa kumene ali, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe ngakhale akhale wamwano. Ndinena ichi ngakhale chikutsutsana ndi zimene ndanena pamwambapa: ndalama zimene zinatsala pa zimene mlongo uja ananditumizira ndinagulira tikiti ya sitima yotsika mtengo yopita ku Rome, ndinagona masiku awiri m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi pafupi ndi siteshoni ya Termini, ndipo madzulo ena ndinakwera phiri la Capitol, pamene Edward Gibbon anati maganizo olemba mbiri ya kugwa kwa ufumu wa Aroma anamufikira pa 15 October 1764. Ndinayang'ana mizati ya Forum, bwalo lakale la Aroma, dzuwa likulowa, ndinali ndi buledi ndi botolo la madzi lotunga pampopi wa mumsewu, ndipo ndinalira. Ndinali nditaphunzitsa za malo amenewo kwa zaka zambiri kuchokera pazithunzi za m'mabuku, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimaphunzitsa mosiyana.

Viza ya Schengen, imene imalola kuyenda m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo France ndi Italy, mukaipemphe ku ofesi ya dziko limene mudzakhaleko masiku ambiri, lomwe paulendo wanuwu ndi Italy ngakhale mudzalowere ku France, ndipo adzafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Pemphani masiku angapo owonjezera kupitirira tsiku lobwerera. Pokonza ndondomeko ya ku Florence kumbukirani kuti Uffizi satsegula Lolemba.