Kodi cockerel ndi tambala?

Funso: Ndikumasulira kapepala ka alimi a nkhuku za Mikolongwe. Pena alemba cock, pena cockerel. Ndingolemba tambala ponseponse?

Yankho: Ayi, musatero. Pakati pa oweta nkhuku, cockerel ndi nkhuku yaimuna yomwe sinakwanitse chaka chimodzi, pomwe cock, yemwe ku America amati rooster, ndi wamkulu uja wolamulira khola. Ku Britain anthu wamba amatha kunena cockerel ngakhale kwa tambala wokhwima, koma m'kapepala ka ulimi wolemba amasiyanitsa dala, chifukwa chakudya, mtengo ndi ntchito yake zimasiyana.

Chichewa sichisowa mawu pamenepa. Nkhuku ikangoswedwa ndi mwanapiye, kaya yaimuna kaya yaikazi. Yaikazi ikasinkhuka koma isanayambe kuikira ndi msoti, ikayamba kuikira ndi thadzi. Yaimuna yosinkhuka, ija yamiyendo yaitali yomwe ikamayesa kulira mawu amathera pakhosi, ndi chipsolopsolo. Ikakhwima ndiye tambala. Ife Achewa sitiwerengera miyezi monga Azungu achitira. Timaona thupi ndi kumvera kaliridwe.

Ine ndingasankhe chipsolopsolo, koma dziwani kuti achinyamata ambiri okulira m'tauni sawadziwa mawuwa. Poyamba lembani kuti "chipsolopsolo, kapena kuti tambala wamng'ono", kenaka pitirizani ndi limodzi lokha mpaka kumapeto.

Pomwe omasulira ambiri amapunthwa ndi pa mgwirizano wa mawu. Poti m'mutu muli "nkhuku", dzanja limalemba "tambala yaing'ono". N'kulakwa kumeneko. Tambala ali m'gulu limodzi ndi galu ndi pusi: tambala wanga walira, atambala anga alira. N'chifukwa chake chizindikiro cha chipani cha Malawi Congress timati tambala wakuda, osati yakuda. Chipsolopsolo chili m'gulu la chi- ndi zi-: chipsolopsolo changa chasowa, zipsolopsolo zitatu zagulitsidwa. Msoti nawo ukachuluka ndi misoti.

Musasokonezekenso ndi tambala wa ndalama, yemwe anabwera pamodzi ndi kwacha mu 1971. Kumeneko anthu amati matambala, ndipo mlimi akawerenga kuti "gulitsani matambala anu" adzaseka kapepala konse. A m'khola ndi atambala.

Mukakumana ndi capon m'kapepala komweko, ameneyo ndi tambala wofulidwa kuti anenepe.